MTSINJE SUDZIWA MALIRE A MABOMA

Mtsinje wa Lupande ucokera ku mapiri a m'dziko la Katete, nupita pakati pa minda ya anthu a ku Mambwe, nukathira m'Luangwa pafupi ndi Mfuwe. Cotero cimene mlimi wa kumtunda acita pa dambo lace, mnzace wa kunsi acimva pa citsime cace.

Dambo liri ngati nkhokwe ya madzi. Pa dzinja udzu ndi dothi lakuda zigwira madzi a mvula, ndipo pa malimwe ziwatulutsa pang'ono pang'ono, mtsinje nukhala ndi madzi kufikira Okotobala. Koma anthu akalima kufika pa gombe penipeni, nadula bango ndi mitengo ya m'mbali, natentha udzu mocedwa, mvula yoyamba ikokolola nthaka. Njira ya ng'ombe isanduka ngalande, ngalande niumitsa dambo. Kunsi mcenga udzaza maiwe, cigumula cimiza madimba, ndipo pa cirimwe amai afukula mcenga kufuna madzi.

Khonsolo imodzi payokha singathe kucita kanthu pa bvuto lotere. Ikaletsa kulima pa gombe, koma inzace ya kumtunda nilekerera, nchito yonse ipita pacabe. Cifukwa cace lamulo la madzi la caka ca 2011, limene linakhazikitsa bungwe la WARMA, linanena kuti madzi ayang'aniridwe potsata cigwa ca mtsinje, osati malire a maboma ai. Cigwa ca Luangwa ndico cimodzi ca zigawo zisanu ndi cimodzi za m'Zambia. Ndiponso madambo a Luangwa analembedwa mu 2007 pa pangano la Ramsar losunga madambo, limene dziko lino linalowamo mu 1991.

Cofunika tsopano ncakuti makhonsolo, mafumu ndi alangizi a zaulimi a mtsinje umodzi akhale pansi pamodzi, napangane mau amodzi: kutalika kwa malo osalimidwa pa gombe, mwezi wotentha udzu, ndi madooko omwetserapo ng'ombe. Lamulo likhale lomwelo kumtunda ndi kunsi, kuti pasakhale wodandaula kuti mnzace wa tsidya alima mwaufulu.

Inu eni midzi musayembekeze Boma. Siyani mzere wa udzu pakati pa dimba ndi madzi, bzalani nsenjere ndi nsungwi pa magombe ogumuka, tenthani udzu usanaumitse. Anyakwawa akaitana msonkhano wa za mtsinje, pitani mukanene maganizo anu, pakuti madziwo ndi anu ndi a ana anu.