Kromozomu 21 ndi zizindikiro za Down syndrome

Down syndrome ndi chibadwa chimene munthu amakhala nacho akabadwa ndi kromozomu 21 yowonjezera m'maselo a thupi lake. Ana otere amachedwa kukhala tsonga, kuyenda ndi kulankhula, minofu yawo imakhala yofewa, ndipo pafupifupi theka la iwo amabadwa ndi vuto la mtima. Bungwe la United Nations limati pa dziko lonse, mwana mmodzi mwa ana 1,000 mpaka 1,100 amabadwa motere. Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku England, John Langdon Down, yemwe anafotokoza zizindikirozi mu 1866.

Makromozomu

Makromozomu ndi timaulusi ta DNA tomwe timakhala mkati mwa selo. Pa timaulusiti pali majini, omwe ndi malangizo a mmene thupi likulire ndi kugwirira ntchito. Munthu amakhala ndi makromozomu 46, awiriawiri: 23 ochokera kwa mayi, 23 ochokera kwa bambo. Mu 1959, Jérôme Lejeune, Marthe Gautier ndi Raymond Turpin ku Paris anapeza kuti ana a Down syndrome ali ndi makromozomu 47, chifukwa kromozomu 21 amakhala nayo itatu m'malo mwa iwiri.

Njira zimene zimachitikira

Anthu pafupifupi 95 mwa 100 alionse a Down syndrome amakhala ndi kromozomu 21 yathunthu yowonjezera m'maselo onse. Izi zimachitika mwangozi pamene dzira la mayi kapena umuna wa bambo ukupangidwa, ndipo mpata wake umakula mayi akamakalamba.

Atatu kapena anayi mwa 100 amakhala ndi kromozomu 21 yowonjezera imene yamamatira pa kromozomu ina, kawirikawiri ya nambala 14. Madokotala amati translocation. Njira imeneyi ingathe kuyenda m'magazi a banja: kholo likhoza kukhala lathanzi, lili ndi makromozomu 45 okha chifukwa awiri aphatikana, koma n'kubereka mwana wa Down syndrome kangapo.

Mmodzi kapena awiri mwa 100 amakhala ndi maselo osakanikirana, ena a makromozomu 46 ena a 47. Iyi imatchedwa mosaic.

Pali njira inanso yosowa kwambiri, pamene munthu ali ndi chidutswa chabe cha kromozomu 21 chowonjezera. Anthu amenewa ndi ochepa zedi, koma ndi amene athandiza kwambiri asayansi.

Zimene anthu osowawa anaphunzitsa asayansi

Kromozomu 21 ili ndi majini oposa 200, ndipo inawerengedwa pafupifupi yonse mu 2000. Mwa munthu amene ali nayo yathunthu katatu, majini onsewa awonjezekera limodzi, choncho n'kovuta kudziwa jini imene yabweretsa vuto la mtima ndi imene yakhudza ubongo. Koma ngati wina ali ndi chidutswa chakumapeto chokha ndipo mtima wake uli ndi vuto, pamene mnzake ali ndi chidutswa china ndipo mtima uli bwino, ndiye kuti gwero la vutolo liyenera kufufuzidwa m'chidutswa choyambacho.

Pofananitsa motere, cha m'ma 1989 mpaka 1993 ofufuza anaganiza kuti apeza kachigawo kamodzi kamene kamabweretsa zizindikiro zambiri, ndipo anakatcha Down syndrome critical region. Maganizowa anasintha pambuyo pake. Mu 2009, gulu la Jan Korbel linapima mozama anthu 30 okhala ndi zidutswa zosiyanasiyana, n'kupeza kuti palibe chigawo chimodzi chimene chimabweretsa zonse. Zizindikiro zosiyana zimachokera m'zigawo zosiyana. Vuto la mtima linalozera kuchigawo chaching'ono chimene muli jini ya DSCAM.

Chitsanzo china ndi jini ya APP. Anthu ambiri a Down syndrome akakula amadwala matenda oiwalaiwala a Alzheimer msanga kuposa ena. Mu 1998, madokotala ku Britain analemba za mayi wa Down syndrome amene anafika zaka 78 osadwala matendawa. Chidutswa chake chowonjezera chinalibe APP. Umenewu unali umboni wamphamvu wakuti APP yachitatu ndiyo imayambitsa matendawa mwa anthu a Down syndrome. Jini inanso imene ikufufuzidwa kwambiri ndi DYRK1A, yomwe imakhudza kakulidwe ka ubongo.

Ku Mitundu ndi Nathenje

Down syndrome imapezeka m'mafuko onse, kuphatikizapo m'midzi ya kumwera kwa boma la Lilongwe. Siyibwera chifukwa cha ufiti, kusemphana miyambo kapena chakudya chimene mayi anadya ali woyembekezera, ndipo siyopatsirana. Makolowo sanalakwe kanthu.

Azamba ndi anamwino kawirikawiri amayamba kuiganizira poona maonekedwe a mwana ndi kufewa kwa thupi lake, koma chimene chimatsimikiza njira yake ndi kupima makromozomu m'magazi. Kudziwa njirayo n'kofunika kwa banja lofuna kuberekanso, chifukwa ngati kholo lili ndi makromozomu ophatikana, mpata woti zichitikenso umakhala waukulu, makamaka kholo lake likakhala mayi.

Chofunika mwachangu ndi mtima. Mwana amene amapuma mofulumira, kutopa poyamwa kapena kusakwera sikelo ayenera kuonedwa msanga ku chipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, ndipo ofunika kupimidwa mozama amatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital mumzinda wa Lilongwe. Maso, makutu ndi chithokomiro ziyeneranso kupimidwa. Ana amenewa akalandira katemera, chakudya chabwino, masewera olimbitsa thupi ndi mwayi wa sukulu, amaphunzira ndi kugwira ntchito zambiri paokha.

Tsiku lokumbukira Down syndrome pa dziko lonse ndi 21 March: tsiku la 21 la mwezi wachitatu, kuimira makromozomu 21 atatu.