Khola la Ng'ombe za Dothi Kuseri kwa Nazale

Cilimwe capitaci, pamene makoko a msangu anali kuyoyoka, tinathamangitsa ana kunazale kawiri konse. Anali ana a mabanja amene ali pa maphunziro pano, a zaka zinai mpaka zisanu ndi ziwiri. Mlandu wao unali wakuti anali kutapa dothi limene tinasefera mbande, ndi kutola makoko amene tinafuna kusungako mbeu. Ulendo wacitatu tinawalondola kuti tione kumene zinthuzo zinali kupita.

Kuseri kwa nazale tinapeza khola lathunthu. Munali ng'ombe zoumba, za malinunda ngati ng'ombe za Angoni, nyanga zake za minga. Mpanda unali wa mapesi, ndipo makoko aja anali cakudya ca ziwetozo, monga momwe ng'ombe zenizeni zimawadyera. Mnyamata wina, mopanda mantha, anatiuza kuti dothi lathu ndi lacabecabe cifukwa limanyenyeka, ndi kuti labwino ndi la kudambo kapena la paculu. Ananena zoona. Dothi lathu tinasakaniza ndi mcenga ndi manyowa.

Inu amene munadutsa m'kalasi lathu mukumbukira phunziro lonyowetsa dothi ndi kulipota m'manja. La mcenga limaduka msanga, la makande limatalika ngati cingwe ndipo limasunga madzi. Akuluakulu amalemba zimenezi m'kabuku, ena n'kuiwala. Mwana uja sanalembe ciliconse, koma zala zake zikudziwa kale dothi lililonse la pafamu pano.

Kuyambira pamenepo tinawapatsa malo aoao pansi pa mtengo wa mango. Utoto sitigula. Katondo amapereka kufiira, makala kuda, phulusa kuyera, monga amai athu amacitira pokongoletsa zipupa za nyumba. Ana amapaka tsamba, n'kulidinda pa katoni, ndipo mitsempha yake imaoneka yonse. Akadinda la cinangwa, la dzungu ndi la nyemba, sawasokonezanso. Amasankha njere m'magulu: nzama, khobwe, nshawa, mapira. Mtsikana wina anafunsa cifukwa cake msangu umakhala wopanda masamba nthawi ya mvula pamene mitengo ina yabiriwira. Funso limenelo ndilo ciyambi ca phunziro lathu lonse la msangu m'munda wa cimanga, ndipo tivomereze kuti ophunzira aakulu salifunsa kawirikawiri.

Ife a Adventist tilibe cowiringula pa nkhaniyi. Buku la Ellen White lochedwa Education, la mu 1903, limalimbikitsa kuti mwana wamng'ono aphunzire kwambiri kucokera ku cilengedwe. Pa Sabata masana sitiumba, koma timayenda nao kumunda kungoyang'ana: kumene ciswe camanga, kumene nyongolotsi zafukula, mbalame imene yadya papaya.

Pali zoyenera kusamala. Mbeu yogula yopakidwa mankhwala, ija yofiira kapena yobiriwira, imakopa maso a mwana, ndipo isafike konse pamalo osewerera. Njere za nsatsi nazo ndi zokongola koma zili ndi poizoni. Mabotolo amene munali mankhwala ophera tizilombo asakhale otungira madzi oumbira, ngakhale atatsukidwa. Ndipo tisasandutse masewerawa kukhala ganyu. Mwana wa zaka zisanu amene wapatsidwa khasu kuti atsirize mzere sakuphunzira kukonda munda. Ambiri a ife tinayamba kudana ndi ulimi m'njira yomweyo.

Amai ena adandaula kale za sopo, ndipo dandaulo lao ndi lomveka. Tagwirizana kuti mwana aliyense akhale ndi covala cimodzi cakale ca kudothi.

Za mbeu ya msangu ija, ana anatibwezera yambiri kuposa imene tikanatola tokha. Tinawaonetsa kukhula njere iliyonse pamwala pang'ono kuti khungu lake lolimba lilowetse madzi, ndipo aliyense anabzala zake zisanu. Mukabwera kudzaceza, mzere wao ndi womalizira kumbali ya thanki. Timitengo toikapo zizindikiro tao musazule.