Filimu yaifupi yoopsa ya ana asukulu

Filimu yaifupi yoopsa ya ana asukulu ndi kanema wa mphindi zochepa amene ophunzira amalemba, kusewera ndi kujambula okha ngati ntchito ya m'kalasi, ndipo cholinga chake ndi kuchititsa mantha woonera. Kawirikawiri siipitirira mphindi zisanu. Ku England, kumene maphunziro a Media Studies ndi Film Studies amalembedwa pa mayeso a GCSE ndi A Level, ntchito yotereyi imapatsidwa malikisi amene amawerengedwa pa zotsatira za mayeso. Ku Malawi maphunziro ojambula kanema amapezeka makamaka m'makoleji monga University of Malawi ku Zomba, MUBAS ku Blantyre ndi Malawi Institute of Journalism, pomwe m'masekondale luso lotere limadzera m'makalabu a zisudzo ndi a olemba. Kufala kwa mafoni okhala ndi kamera kwachititsa kuti ntchitoyi itheke ngakhale m'maboma akutali ndi mizinda ngati Chitipa. Komabe m'madera otere filimu yoopsa imakhudza zinthu zimene anthu ambiri amazikhulupirira, monga ufiti ndi mizimu, choncho kapangidwe kake kamafuna kusamala kuposa momwe kamafunira ku London.

Chifukwa chake ophunzira amakonda mtundu umenewu

Filimu yoopsa siidya ndalama zambiri. Imatheka ndi osewera awiri kapena atatu, chipinda chimodzi ndi tochi. Mdima umabisa zosowa: khoma losapaka laimu, zovala zosagwirizana ndi nkhani, ngakhale wosewera amene sanazolowere kamera. Aphunzitsi nawo amaikonda chifukwa imaonetsa msanga ngati wophunzira wamvetsa ntchito ya mawu, kuwala ndi kulumikiza zithunzi. Sewero lachikondi likalakwika woonera amangotopa, koma filimu yoopsa ikalakwika holo yonse imaseka, ndipo aliyense amadziwa pamene palakwika.

Mbiri yachidule

Mafilimu oopsa anayamba ali aafupi. Le Manoir du diable, imene Georges Méliès anajambula ku France mu 1896, ndi ya mphindi zitatu zokha, ndipo ambiri amaiwerenga ngati yoyamba ya mtunduwu. Mu 1922 ku Germany kunatuluka Nosferatu ya F. W. Murnau, imene inatchuka ndi chithunzithunzi cha chilombo chikukwera masitepe pakhoma.

Achinyamata angapo analowera pakhomo lomweli. Mu 1978 Sam Raimi, asanakwanitse zaka 20, anajambula Within the Woods ndi anzake m'nkhalango ku Michigan, ndipo anaigwiritsa ntchito popempha ndalama zopangira The Evil Dead ya 1981. Daniel Myrick ndi Eduardo Sánchez anakumana akuphunzira zamafilimu ku University of Central Florida. Filimu yawo ya The Blair Witch Project ya 1999 imakamba za ophunzira atatu amene anasowa m'nkhalango akufufuza nthano ya mfiti. Mfitiyo sioneka ngakhale kamodzi, koma filimuyo inapeza ndalama pafupifupi madola 250 miliyoni. Mu 2013 David F. Sandberg ndi mkazi wake Lotta Losten anajambula Lights Out m'nyumba mwawo ku Sweden. Siikwana mphindi zitatu, ndipo nkhani yonse ndi ya munthu amene amaoneka magetsi akazima n'kusowa akayaka. Mu 2016 inapangidwanso ngati filimu yaitali ku Hollywood.

Amalawi ambiri anazolowera zoopsa za pakanema kudzera m'mafilimu a ku Nigeria. Living in Bondage ya 1992, yolankhulidwa m'Chiigbo, imakamba za bambo amene anapereka mkazi wake nsembe kuti alemere, kenako mzimu wa mkaziyo n'kumamusautsa. Mafilimu otengera njira imeneyi anadzaza nyumba zoonetsera mavidiyo m'misika ya m'dziko muno, ndipo wophunzira wa lero akamaganiza za filimu yoopsa nthawi zambiri amayambira pamenepo: sing'anga, chizimba, chuma chobwera modzidzimutsa. Mafilimu a Amalawi odziwika kunja, monga Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat a Shemu Joyah kapena Lilongwe ya Joyce Mhango-Chavula, si a mtundu umenewu.

Kapangidwe kake

Ntchito imayamba ndi kulemba. Olemba mafilimu amawerengera kuti tsamba limodzi ndi mphindi imodzi ya kanema, choncho filimu ya mphindi zinayi siifuna masamba opitirira anayi. Vuto la magulu ambiri ndi kufuna kunena zambiri: mbiri ya banja lonse, maliro, msonkhano wa kwa mfumu, kubwezera. Nkhani yokwanira mphindi zinayi ndi yaing'ono, monga mtsikana amene watsala yekha m'hositelo pa tchuthi n'kumva wina akukoka bedi m'chipinda chokhoma. Kenako gulu limajambula pamanja timabokosi tosonyeza chithunzi chilichonse, kuti tsiku lojambula pasakhale kukangana za poima kamera.

Mawu ndiwo amanyamula theka la mantha. Munthu akaonera filimu yoopsa atatsitsa voliyumu, zambiri zimaoneka zoseketsa. Ku Hollywood luso lopanga phokoso la zinthu pambuyo pojambula linatchedwa dzina la Jack Foley, amene analiyamba mafilimu atangoyamba kukhala ndi mawu. Mu Psycho ya Alfred Hitchcock ya 1960, phokoso la mpeni linachokera pa kubaya chipatso chonga vwende. Wophunzira wa kumudzi ali ndi zipangizo zokwanira pa luso limeneli. Nzimbe kapena chinangwa chikathyoledwa pafupi ndi foni chimamveka ngati fupa. Kabichi wodulidwa ndi chikwanje amamveka ngati thupi. Malata akamazizira madzulo amalira okha, ndipo chitseko chokhala ndi mahinjesi adzimbiri sichifuna kuwonjezera chilichonse. Kulira kwa kadzidzi kumagwira ntchito kwambiri kwa Mmalawi chifukwa anakula akumva kuti mbalameyi imalosera maliro. Koma maikolofoni ya foni imatola mphepo kuposa mawu a munthu, choncho ndi bwino kujambula mawu pa foni yachiwiri yoikidwa pafupi ndi wolankhula, yokutidwa ndi sokosi. Wina amawomba m'manja kamodzi pachiyambi kuti polumikiza mawu ndi chithunzi pakhale poyambira.

Chete nayenso ndi chida. Magulu ambiri amathira nyimbo yoopsa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo woonera amaizolowera pakangotha theka la mphindi. Phokoso ladzidzidzi limagwira pokhapokha ngati patsogolo pake panali zii.

Kuwala ndi kumene kumavuta kwambiri. Kamera ya foni yotchipa ikasowa kuwala imatulutsa chithunzi chamchengamchenga, moti mdima weniweni sujambulika. Chimene chimaoneka ngati mdima pa kanema ndi kuwala kochokera mbali imodzi, mbali inayo n'kusiyidwa yakuda. Tochi yoikidwa pansi pa chibwano imasintha nkhope yodziwika kukhala yachilendo, chifukwa maso a munthu anazolowera kuwala kochokera kumwamba. Nyali ya sola yokutidwa ndi pepala loyera imafewetsa kuwala. Palinso njira yakale yojambula masana n'kudetsa chithunzi pa kompyuta kuti chioneke ngati usiku wa mwezi, bola thambo lisaoneke.

Magazi amapangidwa ndi shuga wowiritsidwa m'madzi mpaka atalimba, n'kuthiramo utoto wofiira wa zakudya kapena madzi a chidede. Magazi enieni ndi oderapo, choncho kadontho ka khofi kamathandiza. Hitchcock anagwiritsa ntchito chokoleti chamadzi popeza filimu yake inali yopanda mitundu. Ngakhale zili choncho, magazi ochuluka saopsa kwenikweni, amangonyansa, ndipo sukulu zambiri sizingalole kuwaonetsa.

Pomaliza pali kudula ndi kulumikiza zithunzi, kumene masiku ano kumachitikira pa foni pomwepo ndi mapulogalamu monga CapCut ndi KineMaster. Lev Kuleshov wa ku Russia anaonetsa zaka pafupifupi 100 zapitazo kuti nkhope imodzimodziyo imamasuliridwa mosiyana malinga ndi chithunzi chimene chaitsatira. Nkhope yoyang'ana kumbali, kenako chitseko chotseguka pang'ono, kenako nkhope ija: woonera wadzipangira yekha chilombo chimene gulu silikanakwanitsa kugula.

Kujambula ku Chitipa

Chitipa ndi boma la kumapeto kwenikweni kumpoto kwa Malawi, ndipo limachita malire ndi Tanzania ndi Zambia. Kale linkatchedwa Fort Hill. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 230,000. Malo ojambulira ndi osasowa: nkhalango zowirira za Mughese ndi Wilindi m'mapiri a Misuku zimene zimakutidwa ndi nkhungu m'mawa, mapiri a Mafinga kumalire ndi Zambia, ndi zigwa zotsikira ku mtsinje wa Songwe. Nkhungu imene ena amaigula ndi makina otulutsa utsi, ku Misuku imabwera yokha. Nkhalangozi ndi zotetezedwa ndi boma, choncho kulowamo kumafuna chilolezo cha a zankhalango.

Mphepo ya m'miyezi yachilimwe imasokoneza mawu, ndipo kutali ndi pa boma magetsi ndi osadalirika kapena kulibe, moti batire ya foni ndi imene imalamula kutalika kwa tsiku lojambula. Dzuwa likangolowa mdima umagwa msanga, ndipo kuwala kwa chisisira, kumene kumakoma pa kanema, sikukhalitsa.

Nkhani ya chilankhulo ndi yapadera m'bomali. Kumalankhulidwa Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chitumbuka ndi zina, ndipo kalasi imodzi imatha kukhala ndi ophunzira a zilankhulo zingapo. Filimu ya Chingerezi imasangalatsa mphunzitsi koma osewera amauma pakamwa, ndipo mantha olankhulidwa m'chilankhulo choloweza samveka enieni. Apa filimu yoopsa ili ndi mwayi kuposa mitundu ina, chifukwa imatha kuyenda ndi mawu ochepa kwambiri kapena popanda kulankhula konse, monga Lights Out. Pamene kulankhula kukufunika, chilankhulo cha kunyumba chokhala ndi mawu omasulira pansi pa chithunzi chimagwira bwino.

Ufiti, manda ndi chitetezo

Kwa wophunzira wa ku England mfiti ndi munthu wa m'nthano. Ku Malawi mawu omwewo amaphetsa anthu. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma okalamba akupitirizabe kumenyedwa, kuotcheredwa nyumba ndi kuphedwa. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anayi okalamba anaphedwa atawaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Filimu imene mfiti yake ndi gogo wosauka wokhala yekha kumapeto kwa mudzi imabwereza chithunzi chomwecho chimene chimaphetsa anthu. Zimaipiratu ngati gulu lajambula nyumba yeniyeni ya munthu, chifukwa kanema amayenda pa WhatsApp popanda mawu ofotokoza kuti linali sewero. Rungano Nyoni, wobadwira ku Zambia, anatembenuza nkhaniyi mu I Am Not a Witch ya 2017, imene inapata mphotho ya BAFTA mu 2018: choopsa m'filimuyo si kamtsikana konenedwa ufiti, koma akuluakulu okazungulira.

Ojambulawo nawonso akhoza kukhala pangozi. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Mu 2020 mphekesera zotere zinamvekanso m'maboma a pakati ndi kumpoto. Achinyamata oyenda usiku ndi matochi, nsalu zoyera ndi botolo la madzi ofiira angathe kuganiziridwa molakwika asanapeze mpata wofotokoza. N'chifukwa chake kujambula kunja kwa mpanda wa sukulu kumayamba ndi kalata ya mphunzitsi wamkulu, kudziwitsa nyakwawa ndi apolisi a m'dera, ndiponso kukhala ndi mphunzitsi pamalopo. Zithunzi zambiri za usiku zimatheka m'kalasi yotchingidwa mawindo ndi mabulangete masana.

Manda ali m'manja mwa mfumu ndi mabanja, ndipo salowedwa popanda chilolezo ngakhale masana. Gulu lofuna chithunzi cha manda limaunjika dothi kuseri kwa sukulu n'kuzikapo mtanda wamatabwa wopanda dzina. Chimodzimodzi ndi magule. Vimbuza wa Atumbuka ndi gule wochiritsa, ndipo pamodzi ndi Gule Wamkulu wa Achewa anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005. Kuika ng'oma za vimbuza kapena chigoba cha gule ngati chizindikiro cha satana ndi njira yachidule imene imanyoza eni ake, ena mwa iwo ali makolo a osewera omwewo.

Mipeni ndi zikwanje zooneka pa kanema zimasemedwa pa mtengo wofewa kapena katoni n'kupakidwa utoto, ndipo moto weniweni sulowa m'chipinda chofoleredwa ndi udzu. Osewera osakwana zaka 18 amafuna chilolezo cha makolo, makamaka ngati filimuyo idzaikidwa pa YouTube kapena Facebook. Kuonetsa filimu kwa anthu wamba kumayendetsedwa ndi lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968, limene linakhazikitsa bungwe loona mafilimu asanaonetsedwe.

Kuchonga

Kumene ntchitoyi imalowa pa mayeso, wophunzira sapereka kanema yekha. Amaperekanso zolemba zosonyeza mafilimu amene anaphunzirako, mapulani ake, ndi kufotokoza chifukwa chimene anasankhira chithunzi chilichonse. Malikisi amapita pa zisankho zimenezi, osati pa mtengo wa kamera, ndipo pa ntchito ya gulu aliyense amayenera kusonyeza gawo limene anagwira iye mwini, kaya ndi kulemba, kujambula, mawu kapena kulumikiza zithunzi.