Kompyuta yakale ikakana pulogalamu, musafulumire kuitaya

Mwina muli nayo kunyumba, kapena ili pakona ya ofesi kuchipatala chaching'ono komwe mumathandiza: kompyuta yomwe yatha zaka 10 kapena kuposerapo. Imayaka bwinobwino, koma mukafuna kuikamo pulogalamu yatsopano imakana, n'kulemba kuti laibulale ina ikusowa kapena yomwe ilimoyo ndi yakale. Ambiri akaona uthenga umenewu amangoti makina atha ntchito. Komatu nthawi zambiri makinawo amakhala ali bwino. Chomwe chikufunika ndi kuwapangira laibulale yowakwana.

Kodi laibulale n'chiyani?

Pankhani ya makompyuta, laibulale si nyumba ya mabuku ayi. Ndi mtolo wa malangizo ogwirira ntchito imodzi, omwe mapulogalamu osiyanasiyana amabwereka m'malo moti aliyense alembe ake. Chitsanzo ndi zlib, yomwe Jean-loup Gailly ndi Mark Adler anatulutsa mu 1995. Ntchito yake ndi kupanikiza mafayilo kuti achepe, ndipo zithunzi za mtundu wa PNG zimadalira njira yomweyi. Ina ndi OpenSSL, yomwe imabisa uthenga woyenda pa intaneti kuti anthu apadera asauwerenge.

Laibulale imapezeka m'njira ziwiri. Yoyamba ili ngati malaya osokasoka a m'sitolo: mungogula n'kuvala, bola akukwaneni. Vuto n'lakuti opanga mapulogalamu masiku ano amasokera makina atsopano. Mwachitsanzo, Debian, umodzi mwa mitundu ya Linux, inasiya kutulutsa pulogalamu yoikira pa makompyuta akale a 32-bit mu 2025. Njira yachiwiri ili ngati kutenga nsalu kupita nayo kwa telala. Nsaluyo ndi source code, kutanthauza malangizo enieni omwe anthu analemba, ndipo telala wake ndi pulogalamu yotchedwa compiler, yomwe imawasandutsa chilankhulo chomwe makina anuwo amamva.

Mmene ntchitoyi imayendera

Tiyeni titenge zlib yomweyi pa kompyuta ya Linux, chifukwa ndi yaing'ono ndipo sichedwa. Choyamba pamafunika zipangizo za telala: compiler yotchedwa GCC, yomwe Richard Stallman anatulutsa mu 1987, ndi pulogalamu ya make, yomwe Stuart Feldman analemba mu 1976. Zonse ndi zaulere, ndipo pa Debian ndi Ubuntu zimabwera pamodzi mu phukusi la build-essential.

Mukatenga source code n'kuimasula, mumalemba malamulo anayi motsatana. La ./configure limayeza makina anu, monga telala amayezera chifuwa ndi mapewa, kuti lione zomwe zilimo ndi zomwe zikusowa. La make ndi lomwe limasoka. La make test limayesa ngati chosokedwacho chikugwira ntchito. Lomaliza, make install, limaika laibulaleyo pamalo pake.

Pakatuluka uthenga wa vuto, werengani mzere woyamba womwe wadandaula, osati womaliza. Kawirikawiri umatchula laibulale ina yomwe iyenera kukhalapo kaye, kapena umanena kuti compiler ndi yakale. Laibulale ikakhala yaikulu, makina a memory yochepa angathe kutenga maola angapo. Tsekani mapulogalamu ena onse, onetsetsani kuti fani ikupuma bwino, ndipo musayambe ntchitoyi nthawi yomwe magetsi amakonda kuzima. Akazima pakati, musade nkhawa kwambiri: make imapitiriza pomwe inalekezera.

Samalani ndi izi

Musalembe laibulale yatsopano pamwamba pa yakale yomwe makina akudalira, chifukwa mapulogalamu ena angasiye kugwira ntchito. Uzani configure kuti iike yatsopanoyo m'foda yakeyake pogwiritsa ntchito mawu akuti --prefix.

Tengani source code kwa eni ake okha, ndipo fanizani nambala yotsimikizira ya SHA-256 yomwe iwo amalemba ndi ya fayilo yomwe mwalandira. Ngakhale zili choncho, nambalayi imangotsimikiza kuti fayilo sinasinthidwe panjira. Mu Malichi 2024, katswiri wina, Andres Freund, anapeza khomo lachinsinsi lomwe linabisidwa dala m'mafayilo ovomerezeka a xz 5.6.0 ndi 5.6.1. N'chifukwa chake ndi bwino kusankha mtundu womwe wakhalitsa ndipo ambiri auyesa kale, kusiyana ndi kuthamangira wongotuluka kumene.

Kumbukiraninso kuti laibulale yodzipangira nokha siilandira zokonza payokha. Mu Epulo 2014 munapezeka chiboo chotchedwa Heartbleed mu OpenSSL, chomwe chinkalola akuba kuwerenga mawu achinsinsi. Aliyense amene anadzipangira yekha laibulaleyo anayenera kutenga yokonzedwa n'kupanganso. Choncho lembani m'kope dzina, nambala ndi tsiku la chilichonse chomwe mwaika.

Kwa inu odzipereka pantchito za umoyo, lamulo ndi limodzi: kompyuta yosunga mayina a odwala, zotsatira za magazi kapena kaundula wa katemera si yophunzirirapo. Sungani kaye zonse pamalo ena otetezeka, ndipo ntchitoyi igwiridwe ndi woona za makompyuta amene akuluakulu a chipatala avomereza. Dziwaninso kuti njirayi siichiza chilichonse. Microsoft inasiya kutumiza zotetezera Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo laibulale yatsopano singatseke ziboo za pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina.

Kwa inu makolo, kompyuta yopanda zinsinsi za munthu ndi malo abwino oti mwana wa kusekondale aphunzirirepo. Mukasamutsa zithunzi ndi makalata anu, mulekeni aikemo Linux ndipo ayambe ndi zlib. Akalakwitsa, afufute foda n'kuyambiranso, palibe ndalama yomwe yalowa m'madzi.