LOKO WA ANTHU ONSE NDI KIYI WA MUNTHU MMODZI

Mtsinje wa Likangala uchokera m'phiri la Zomba, nupyola m'tauni, nukathira m'nyanja ya Chilwa. Anthu a kumunsi kwake akhalira mpunga ndi matemba, ndipo ambiri owagula malonda ao ali kutali, ku Limbe ndi ku Blantyre. Pa zaka zimene nyanja inaphwa, monga 1968 ndi 1995, asodzi ambiri anamwazikana kukafuna nchito kwina. Chotero anthu a kumeneko akhala akutumizirana mau chiyambire kale. Masiku akale kalata inkadzera m'manja mwa mthenga, ndipo kawirikawiri mphunzitsi wa pamudzi ndiye anali kuiwerenga mokweza, mwini wake ali chete kumvetsera. Lero uthenga uyenda pa foni ya m'manja, nudzera m'makina a anthu ambiri osadziwika. Nanga chiletsa nchiani kuti anthuwo asauwerenge?

Kubisa mau si luso lachilendo. Akulu akafuna kuti ana asamve alankhula m'zining'a, ndipo anamwali abwerako ku tsimba ndi mau amene wosavinidwa sangawamasulire. Julius Caesar wa ku Roma ankasuntha lemba liri lonse malo 3, kotero kuti A ankasanduka D. Koma njira zonsezi ziri ndi chilema chimodzi. Wotumiza ndi wolandira ayenera kuyamba aonana ndi kupangana kamasulidwe kake. Akakhala kutali, panganolo lifunanso mthenga, ndipo mthengayo akakhala wa pakamwa, chinsinsi chatha chisanayambe.

Mfundo yomasula vutoli inalengezedwa mu 1976 ndi Whitfield Diffie ndi Martin Hellman a ku Stanford, ndipo mu 1977 Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anapeza masamu ake, amene atchedwa RSA potsata malemba oyamba a maina ao. Clifford Cocks wa ku Britain anali atapeza kale njira yofanana nayo mu 1973, koma popeza anali pa nchito yachinsinsi ya boma, dziko silinamve za iye kufikira 1997.

Maganizo ao amveka bwino ndi fanizo la loko wapachitseko, uja angotsekeka ndi kukanikiza. Wamalonda wa ku Limbe agula maloko ambiri otseguka ndi kiyi mmodzi. Malokowo awagawira alimi onse a ku Likangala ali chitsegukire, koma kiyi amsunga m'thumba mwake. Mlimi aika kalata m'bokosi, nakanikiza loko, napereka bokosilo kwa woyendetsa galimoto ali yense. Kuyambira pamenepo palibe angalitsegule, ngakhale mlimi amene walitseka. Kiyi sanayende ulendo, ndipo chosayenda sichibedwa m'njira. M'Chingerezi zinthu ziwirizi zitchedwa makiyi zonse, wapoyera ndi wobisika, ndipo ophunzira ambiri asokonezeka nazo. M'chinenero chathu nkwabwino kusiya loko akhale loko, kiyi akhale kiyi.

Pa foni loko ndi kiyi si zachitsulo ai, ndi nambala. Zipangidwa ndi nambala zosagawika, zija zigawika ndi 1 ndi mwini wake yekha, monga 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13. Chitsanzo chaching'ono chingachitidwe pa bolodi.

Wamalonda asankha nambala zosagawika ziwiri, 3 ndi 11, nazichulukitsa, napeza 33. Kenaka achotsa 1 pa iri yonse, zitsala 2 ndi 10, ndipo akazichulukitsa apeza 20. Tsono afuna nambala zina ziwiri zimene, zikachulukitsidwa ndi kugawidwa ndi 20, chotsala chikhale 1. Nambalazo ndi 3 ndi 7, pakuti zipereka 21. (3 uyu wangofanana ndi woyamba uja chifukwa cha kuchepa kwa chitsanzo, nchito yake ndi yina.) Loko wake ndiye 33 pamodzi ndi 3, ndipo angamlembe ngakhale pa khoma la msika. Kiyi wake ndiye 7. Pepala limene analembapo 3, 11 ndi 20 aliotcha.

Mlimi afuna kumuuza kuti ali ndi matumba 5 a mpunga, osafuna kuti ogula ena adziwe. Alemba 5 katatu, monga loko anenera, nachulukitsa: 5 × 5 × 5 ndi 125. Agawa 125 ndi 33, ndipo chotsala ndi 26. Atumiza 26. Wamalonda polandira achulukitsa 26 ndi mwini wake kufikira atamgwiritsa nchito kasanu ndi kawiri, monga kiyi anenera. Ndipo kuti nambala zisakule, pa sitepe iri yonse agawa ndi 33 nasunga chotsala chokha. 26 × 26 ndi 676, chotsala 16. 16 × 26 ndi 416, chotsala 20. Akapitiriza chomwecho zotsala zidza motere: 25, 23, 4, ndipo potsiriza 4 × 26 ndi 104, chotsala 5. Matumba aja abwerera.

Wophunzira wochenjera adzatsutsa msanga kuti loko wotere ngwachabe, pakuti ali yense woona 33 adziwa kuti ndi 3 × 11, ndipo kuchokera pamenepo apeza 20 ndi 7 mosavuta. Wanena zoona, ndipo mphunzitsi amyamikire, chifukwa wakhudza tsinde la nkhani yonse. Kuchulukitsa nkwapafupi, koma kubwerera m'mbuyo nkovuta. Mwana wa sitandade 6 achulukitsa 89 ndi 97 napeza 8633 m'kamphindi. Koma mnzake akapatsidwa 8633 yekha kuti apeze zimene zinambala, atuluka thukuta poyesa 3, 7, 11, 13 ndi zina zotsatira. Loko weniweni wa RSA masiku ano akhala ndi malemba a nambala 617. Mu 2020 akatswiri anatha kuphwanya nambala yotere ya malemba 250 okha, ndipo anatero ndi makompyuta ambirimbiri ogwira nchito pamodzi.

Mwini foni sachita masamu amenewa. Foni iwachita yokha. Munthu akaika WhatsApp, foni yake ipanga loko ndi kiyi, nitumiza loko kwa onse ofuna kumlembera, nisunga kiyi m'kati mwake. Kuyambira 2016 mauthenga onse a WhatsApp atsekedwa motere, ngakhale kuti masamu ake ndi a mtundu wina wosiyana ndi RSA. Popeza masamu otere achedwa, makina sawagwiritsa nchito pa kalata yonse; angopangana nao kiyi wina wa kanthawi, ndipo ameneyo ndiye atseka mau onse. Koma uthenga wamba wa SMS ulibe loko wotere wa wolandira yekha, ndipo munthu asalembemo nambala yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money.

Patsala mpata umodzi umene masamu sautseka. Mthenga wachinyengo angathe kutaya loko wa wamalonda m'njira, napereka wake kwa mlimi. Mlimiyo adzatseka bokosi bwino lomwe, koma adzakhala atatsekera mbala. Nchifukwa chake WhatsApp ionetsa nambala ya malemba 60 ya anthu awiri olemberana, kuti akakomana ayerekeze mafoni ao. Ikafanana, maloko ndi enieni. Ndi ochepa amene achita zimenezi. Choopsa choposa ndicho munthu woimba foni ndi mau okoma, napempha kuti amwerengere nambala ya malemba 6 imene yangofika pa SMS. Woipereka wapereka dzina lake: mbala ipanga loko watsopano m'dzina lomwelo, niyamba kupempha ndalama kwa abale ake ndi kwa onse ogula mpunga wake. Mphunzitsi wa ku Likangala, amene makolo afikabe kwa iye ndi foni m'manja monga ankafikira ndi kalata, ayenera kudziwa zimenezi asanafunsidwe.

M'kalasi ana angakhale awiriawiri, wina mlimi, wina wamalonda, ndipo wachitatu akhale mthenga woyesa kumasula nambala imene wanyamula. Nambala iri yonse yochepera 33 idzabwerera kwa mwini wake. Koma mphunzitsi apewe 10, 11 ndi 12, pakuti pa loko wamng'onoyu zituluka monga zinalowera, ndipo ana adzayesa kuti alakwitsa.