Mphamvu Nazo Zili ndi Nyengo Zake

Chaka chatha ndinafunitsitsa kupambana poponya chitsulo pa tsiku la masewero. Ndinathira simenti m'zitini ziwiri, ndi kupisa mpaipi pakati, ndipo ndinkanyamula tsiku ndi tsiku kufikira mikono itanjenjemera. Tsikulo litafika phewa linali kuwawa kwambiri, ndipo ndinatsirizira. Tsono, anzanga, ndifuna kukuuzani zimene ndaphunzira pa manyazi amenewo.

Choyamba, minofu sikhwima pamene munthu ali kunyamula ai, koma pamene apumula, kudya bwino ndi kugona mokwanira. Chachiwiri, thupi likazolowera katundu mmodzimodzi silionjezanso mphamvu. Agriki akale ankasimba za Milo wa ku Croton, katswiri wa masewero ogwetsana, kuti ankasenza mwana wa ng'ombe tsiku lililonse kufikira atasanduka nkhunzi. Katundu ankakula pang'onopang'ono, mphamvu zake nazo zinkakula.

M'zaka za m'ma 1960 Lev Matveyev wa ku Soviet Union analongosola njira yogawa nthawi yokonzekera m'zigawo, chigawo chilichonse ndi ntchito yake. Ife ana a alimi sitingadabwe nazo, pakuti kusosa, kubzala, kupalira ndi kukolola sizichitika mwezi umodzi.

Tiyese kuti kwatsala masabata 12 kuti mpikisano uchitike. Masabata 4 oyamba nyamulani katundu wopepuka, ka 12 kapena ka 15 musanapume, masiku atatu pa sabata, tsiku lopuma lili pakati. Apa thupi liphunzira kanyamulidwe koyenera. Masabata 4 otsatira onjezani kulemera, koma nyamulani ka 6 kapena ka 8. Masabata 3 enawo katundu alemere ndithu, ka 3 kapena ka 5 pokha, ndipo nthawi yambiri ipite ku masewero anu enieni, kaya kuponya, kulumpha kapena liwiro. Sabata lotsiriza chepetsani ntchito ndi theka kuti kutopa kuchoke, mphamvu zitsale. Mpikisano ukatha zitini zigone masabata awiri. Seweraniko mpira wongosangalala.

Lembani m'kope zonse zimene mwanyamula, ndipo katundu wolemera musamunyamule popanda aphunzitsi a masewero pafupi. Bondo, msana kapena phewa likayamba kubaya, lekani pomwepo.

Ine chaka chino ndayamba kutsata njirayi. Ndili m'sabata lachisanu ndi chimodzi, ndipo phewa lili phee. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika.

Mnyamata wa Fomu 3