Ku kampani ya maloya kapena ku Legal Aid?

Wophunzira zamalamulo akangolemba mayeso omaliza ku Zomba, abale kumudzi amayamba kumutchula kuti "loya wathu". Mwini wake mtima uli m'mwamba. Kale digiriyi inkapezeka ku Chancellor College kokha; lero ikuphunzitsidwanso kwina, monga ku Catholic University, ndipo makalata ofunsira ntchito akuunjikana pa madesiki omwewo. Ambiri maso amakhala pa makomo awiri: kampani ya maloya, ndi Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yoimirira pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya.

Kampani ndiyo imakopa. Makampani ambiri ali ku Blantyre ndi ku Lilongwe, makasitomala awo ndi mabanki, a inshulansi ndi eni mabizinesi, ndipo amene wapirira ndalama amadzaziona. Koma malo ndi ochepa, ndipo kawirikawiri amalowa ndi amene anathandizako pa tchuthi kapena ali ndi womudziwa. Akalowa, amatha miyezi akufufuza zigamulo zakale, kulemba zikalata zoti abwana asaine, ndi kuthamangitsa mafayilo ku High Court. Amaphunzira kulemba mosamala, luso limene loya sangalemere popanda ilo, koma jaji amachedwa kumva mawu ake.

Ku Legal Aid malipiro ndi a boma, ndipo milandu imachuluka kuposa maloya. Kuchuluka komweko ndiko kumamukankhira loya watsopano kutsogolo msanga. Fayilo imene amupatsa ndi ya mnyamata amene wakhalitsa pa limandi ku Maula kapena ku Chichiri, kapena ya mayi wamasiye amene abale a mwamuna amulanda nyumba maliro asanaiwalike. Amapempha belo, amafunsa mboni, kenaka amakhala pabenchi kunja kwa khoti kumasulira m'Chichewa zimene woweruza wanena m'Chingerezi. Choopsa chilipo ndithu: akuluakulu omuongolera amakhala otanganidwa, ndipo iye akalakwitsa, wovutika ndi munthu amene alibe kwina kothawira.

Chimene chimandiwawa n'chakuti achinyamata ena amaona ngati kupita ku Legal Aid ndi kulephera, n'kukhala pakhomo chaka chathunthu akudikira foni yochokera ku kampani. Inu amene mwangomaliza kumene, mukaona Legal Aid yalengeza malo, lembani kalatayo tsiku lomwelo. Loya amene waima m'khoti zaka zingapo, makampani amamufuna okha.